Fish Hoek ndi Masiphumelele: khonsolo yathu ndi iti, nanga imatifuna chiyani?

Amene munakwerapo sitima yochoka ku Cape Town kupita ku Simon's Town mukudziwa kuti mukangodutsa Muizenberg njanji imakakamira gombe, mafunde n'kumachita ngati alowa pawindo. Kupitirira Kalk Bay ndiye mwafika pa Fish Hoek, katauni ka nyumba zoyera m'mphepete mwa False Bay. Mukalowa m'chigwa cha kuseri kwake, njira ya ku Kommetjie, mupeza Masiphumelele, kumene Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba za anthu, m'magadeni, m'malesitilanti ndi kozimanga amagona. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe obwera kumene amafunsa kawirikawiri, ena atalipitsidwa kale faindi.

Kodi Fish Hoek ili ndi khonsolo yakeyake?

Inali nayo, koma lero ilibe. Malowa anali famu. Mapuloti anayamba kugulitsidwa mu 1918, ndipo mu 1940 tauniyi inakhala ndi khonsolo ndi meya wake. Inali khonsolo ya azungu okhaokha, monga mmene malamulo a tsankho ankafunira. Anthu amene anachotsedwa ku Simon's Town ndi madera ozungulira chifukwa cha khungu lawo anakaikidwa ku Ocean View chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Masiphumelele, yomwe akale amaitchabe Site 5, inakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Dzinalo ndi la Chixhosa, kutanthauza kuti tipambane.

Tsankho litatha, boma linaona kuti sizingatheke tauni yolemera kumatolera msonkho wake n'kumadya yokha, amene amaisesera ali kutsidya kwa msewu opanda mpopi. Mu 1996 Fish Hoek inalowa mu South Peninsula Municipality, ndipo mu Disembala 2000 makhonsolo onse a mumzinda anaphatikizidwa kukhala imodzi, City of Cape Town. Choncho mwini nyumba ya pagombe ndi inu amene mukugona m'chisakasa cha malata ku Masiphumelele, khonsolo yanu ndi imodzi, thumba lake ndi limodzi. Ngati thumbalo limagawidwa mofanana, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo maso anu akuuzani.

Nanga amalamula ndani?

Khonsolo yomwe inasankhidwa pa 1 Novembala 2021 ili ndi makhansala 231. Mwa iwo 116 anasankhidwa m'mawodi, ndipo 115 analowa kudzera pa mndandanda wa zipani, malinga ndi mavoti amene chipani chilichonse chinapeza. N'chifukwa chake wovota kuno amapatsidwa mapepala awiri, lina la munthu, lina la chipani. Makhansalawo ndiwo amasankha meya pakati pawo, ndipo chaka chimenecho anasankha a Geordin Hill-Lewis a chipani cha Democratic Alliance (DA), chomwe chakhala chikutsogolera mzindawu kuyambira 2006.

Musafanizire ndi kwathu. Ku Malawi khansala timamuvotera tsiku limodzi ndi phungu komanso pulezidenti, ndipo mafumu amakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo. Kuno chisankho cha makhonsolo chili ndi chaka chakechake, pakatha zaka zisanu zilizonse, ndipo mu khonsolo ya Cape Town mulibe mpando wa gogo chalo. Meyanso si wongodula maliboni: ali ndi komiti yake yonga nduna, ndipo ndiye amabweretsa bajeti.

Popeza mzindawu ndi waukulu, mawodi oyandikana anaikidwa m'magulu otchedwa subcouncil. Ya kuno kummwera ndi nambala 19, ndipo imakumana ku maofesi a khonsolo a pa Fish Hoek pomwepo. Pa chisankho cha 2021 Fish Hoek inali mu wodi 64 pamodzi ndi Kalk Bay ndi Muizenberg, pamene Masiphumelele inali mu wodi 69 pamodzi ndi Noordhoek. Malire a mawodi amaunikidwanso chisankho chilichonse chisanachitike.

Ine si nzika. Kodi ndili ndi mawu?

Kuvota ayi. Amavota ndi nzika za South Africa zokha, zazaka 18 kupita m'tsogolo, zolembetsa. Ngakhale mutakhala ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, pepala lovotera simuligwira.

Koma apa ndi pamene ambiri timadzimana tokha. Lamulo loyendetsera makhonsolo, Municipal Systems Act la mu 2000, likamanena za anthu a m'dera silifunsa pasipoti. Limawerengera okhala m'deralo, olipira msonkho, mabungwe a m'deralo, ngakhale alendo amene akugwiritsa ntchito zinthu za khonsolo. Ndiye kuti mukhoza kudandaula, kulemba kalata, kupita ku ofesi ya khansala, kukhala nawo pa msonkhano wa subcouncil, ndi kupereka maganizo pa bajeti. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, ndipo bajeti yoyeserera imatuluka kumapeto kwa Malichi kuti anthu ayithire ndemanga. Eni nyumba a ku Fish Hoek amalemba ndemanga zawo mosatopa, kudzera m'bungwe lawo la olipira msonkho. Ife timangodandaulira mu takisi. Mwana wosalira amafera pamsana.

Ndimachita lendi. Msonkho wa nyumba ukundikhudza?

Biluyo imapita kwa mwini malo, osati kwa inu. Khonsolo imayerekeza mtengo wa nyumba iliyonse pakapita zaka zingapo, ndipo msonkho umawerengedwa pa mtengo umenewo. Koma musadabwe lendi ikakwera m'mwezi wa Julayi. Ndi nthawi imene mitengo ya msonkho, madzi, magetsi ndi zinyalala imasintha, ndipo landilodi sasenza yekha katundu ameneyo.

Ndinamva kuti madzi ndi aulere.

Munamva za kale. Ndondomeko ya dziko lonse imati banja losauka lizilandira malita 6,000 pamwezi osalipira, ndipo kwa zaka zambiri Cape Town inkapereka madzi amenewa kwa nyumba iliyonse. Mu 2017, chilala chitafika povuta, inasiya kupereka kwa onse n'kungosiyira mabanja amene alembedwa kuti ndi ovutika. Amene munalipo mu 2018 mukukumbukira masiku aja damu la Theewaterskloof litasanduka mchenga, munthu aliyense akuuzidwa kuti asapyole malita 50 patsiku, madzi osambira tikuthiranso m'chimbudzi.

Thandizo la ovutikali limatsata nyumba ndi munthu amene dzina lake lili pa akaunti ya khonsolo, poyang'ana mtengo wa nyumbayo kapena ndalama zimene banjalo limapeza. Vuto la okhala kuseri kwa nyumba ya wina ndi lomweli. Pabwalo pakhoza kukhala zisakasa zisanu ndi chimodzi, koma khonsolo ikuona mita imodzi ndi banja limodzi. Madziwo akamagwiritsidwa ntchito kwambiri mtengo wa lita umakwera, ndipo ndalama ya suweji imawerengedwanso pa madzi omwewo. Musanalowe m'nyumba, gwirizanani ndi mwini wake za madzi ndi magetsi, ndipo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp.

Landilodi wanditsekera madzi ndipo akuti ndituluke mawa. Ndipite kukhonsolo?

Khomo lake si limenelo. Nkhani za lendi zimapita ku Rental Housing Tribunal, yomwe ili pansi pa boma la chigawo cha Western Cape, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limati palibe munthu angatulutsidwe m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo mawu ake ndi akuti munthu aliyense, osati nzika yokha. Kutseka madzi, kusintha loko kapena kuponya katundu panja n'kulakwira lamulo, ngakhale muli ndi ngongole ya lendi. Ngongoleyo simwaithawa ayi, koma iyenera kutsatidwa mwa njira yake.

Suweji yasefukira pamsewu, kapena moto wabuka. Ndiimbire ndani?

Za mapaipi, suweji, zinyalala zosatoledwa ndi magetsi a mumsewu, imbani 0860 103 089 kapena lembani dandaulo pa webusaiti ya khonsolo. Chofunika kwambiri ndi nambala ya dandaulo imene amakupatsani. Isungeni. Mukapita kwa khansala muli chimanjamanja, adzakufunsani nambala yomweyo.

Za moto ndi ngozi, pafoni ya m'manja imbani 021 480 7700, ndipo pafoni ya m'nyumba ndi 107. Nambala imeneyi ikhale m'foni mwanu lero lomwe. Mu Disembala 2020 moto unapsereza nyumba zoposa 1,000 ku Masiphumelele, mphepo ya kummwera chakum'mawa ikuukolezera, ndipo kudera la kudambo njira n'zopapatiza moti galimoto yozimitsa moto imalephera kulowa. Mapepala anu ofunika muziwasunga pamalo amodzi pomwe mungawatole mumdima.

Kodi n'zoona kuti ku Fish Hoek sagulitsa mowa?

Nkhani imeneyi njokoma. Mu 1818 bwanamkubwa wa Cape, Lord Charles Somerset, popereka malowa kwa Andries Bruyns, anaikapo lamulo loti pasadzakhale nyumba yogulitsira vinyo. Anthu amati ankaopa kuti oyendetsa ngolo zopita ku doko la Simon's Town azifika ataledzera. Mawu amenewo anakhala m'zikalata za malo, ndipo anthu a m'tauniyi anawagwiritsitsa ngati chipangano. Malesitilanti ndi malo omwera anadzayamba kuloledwa patapita nthawi yaitali, koma sitolo yogulitsa mowa wa m'mabotolo inadikira zaka pafupifupi 200, pambuyo pa mkangano wautali.

Chimene tiphunzirepo n'chakuti layisensi ya mowa sichokera kukhonsolo. Imachokera ku Western Cape Liquor Authority, bungwe la chigawo. Khonsolo imangopereka maganizo ake ndi kuika maola ogulitsira. Shabini yopanda layisensi ndi mlandu wa kupolisi.

Pagombe ndiye osayerekeza n'komwe. Mowa ndi woletsedwa m'magombe onse a khonsolo, ndipo nthawi ya Khirisimasi ndi Nyuwere alonda amasecha zikwama ndi mabokosi a ayezi, n'kulanda botolo lililonse. Kuthira mu botolo la Fanta anthu anayesa kale.

Mbendera za pagombe zimatanthauza chiyani?

Ife tinazolowera nyanja ya ku Salima ndi Mangochi, yamadzi ofunda, yomwe choopa chake ndi ng'ona ndi mwera. Iyi ndi ina. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali opulumutsa anthu, chifukwa madzi ake amakoka munthu kupita naye pakati.

Mbendera zokhala ndi chithunzi cha shaki ndi za a Shark Spotters, omwe anayamba ntchito mu 2004 ndipo khonsolo imawathandiza ndi ndalama. Munthu amakhala paphiri n'kumayang'ana m'madzi. Yobiriwira ndiye kuti madzi akuoneka bwino. Yakuda, madzi sakuoneka bwino ndipo iye sangalonjeze kanthu. Yofiira, chenjerani kwambiri. Yoyera, pamodzi ndi kulira kwa sailini, shaki yaoneka, tulukani nthawi yomweyo. Pa Fish Hoek shaki inapha anthu mu 2004 ndi mu 2010, ndipo kuyambira 2013 pakona ya gombeli amatchinga ndi ukonde womwe amauika m'mawa n'kuuchotsa madzulo kuti usakole nsomba ndi anamgumi.

Ndine wa kunyanja, mbedza ndi moyo wanga. Ndingawedze?

Ndi chilolezo, inde, koma chimachokera ku boma lalikulu, ku nthambi yoona za usodzi, osati kukhonsolo. Chilolezo cha munthu wamba n'chowedzera ndiwo, osati zogulitsa, ndipo mtundu uliwonse wa nsomba uli ndi msinkhu ndi chiwerengero chake. Gombe lozungulira dera lino la kummwera kwa Cape Town lili m'dera lotetezedwa la Table Mountain National Park, ndipo muli malo ena oletsedwa kotheratu. Nkhono ija amaitcha perlemoen musaikhudze, ngakhale wina atakulonjezani ndalama yanji. Asodzi okoka khoka amene mumawaona pa Fish Hoek ali ndi zilolezo zawo zapadera.

Anyani a ku Kommetjie ndi Simon's Town nawonso musawapatse chakudya. Ndi mlandu.

Ndikufuna kuyamba geni pamsewu.

Apa ndiye pa khonsolo penipeni. Madera ambiri ali ndi mapulani osonyeza malo ololedwa kugulitsirapo, ojambulidwa ndi utoto pansi, ndipo pamafunika pemiti yolipira. Kugulitsa pamalo oletsedwa kumathera pa faindi ndi kulandidwa katundu. Wogulitsa zakudya, kaya ndi mandasi, chipisi kapena nyama yootcha, amafunikanso satifiketi ya azaumoyo a khonsolo, omwe amabwera kudzaona malo ophikira. Mu Novembala 2024, ana angapo atamwalira ndi zakudya zapoizoni m'dziko lino, a Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti timasitolo tonse ta m'makomboni, totchedwa spaza, tilembetsedwe ku makhonsolo. Polembetsa, mlendo amafunsidwa mapepala osonyeza kuti akuloledwa kuchita bizinesi kuno. Sitampu ya masiku ochezera sikwanira.

Yunifolomu zachuluka. Wapolisi weniweni ndi uti?

Apolisi a SAPS, ovala buluu, ndi a boma lalikulu, ndipo mlandu wa kuba, kumenyedwa kapena kugwiriridwa mumakatsegula kwa iwo. A Metro Police, a Law Enforcement ndi a Traffic ndi a khonsolo, ndipo amayang'ana kwambiri malamulo a mzinda ndi a pamsewu: phokoso, geni, mowa pagombe, kutaya zinyalala pathengo, kumanga popanda chilolezo. Za mapasipoti ndi mapemiti mwini wake ndi Home Affairs, ngakhale nthawi zina onsewa amayendera limodzi pa opareshoni. Sitima ndi ya PRASA, bungwe la boma lalikulu, sukulu ndi za chigawo, ndipo False Bay Hospital ya pa Fish Hoek nayonso ndi ya chigawo.

Faindi ya khonsolo imalembedwa papepala lokhala ndi nambala, ndipo imalipiridwa ku ofesi kapena m'njira zolembedwa papepalapo, osati m'manja mwa amene wakugwirani. Katundu wanu akamutenga, funsani lisiti yolemba zonse zimene atenga ndi kumene akupita nazo, ndipo muijambule pafoni musanaipinde m'thumba.