Database sikana ŵ kapena ng'

M'maofesi ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, alembi akhala akuuzana kuti kompyuta siyisunga chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene kali mu ng'. Motero polemba mayina a alimi a nzimbe ku Nchalo kapena odwala pachipatala, amazidula dala. Mang'anja amasanduka Manganja. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ng' ndi ng ndi maliwu awiri osiyana, ndipo dzina la munthu ndi ulemu wake.

Vuto silili m'zilembozo ayi, koma m'makonzedwe. Ma database (nkhokwe zosungiramo zolemba pakompyuta) akale ankagwiritsa ntchito Latin-1, ndondomeko yosungira zilembo imene ili ndi malo 256 okha, ndipo ŵ mulibemo. Ndondomeko ina yotchedwa UTF-8 imasunga ŵ bwinobwino m'mabayiti awiri (bayiti ndi kamuyeso ka malo osungira zinthu m'kompyuta). Mukaona Malaŵi akutuluka ngati MalaÅµi, chilembocho sichinawonongeke: chinalembedwa mu UTF-8 koma chikuwerengedwa ngati Latin-1. Choncho tebulo losungira mayina mu database, njira yolumikizira pulogalamu ku database, ndi tsamba loonetsera, zonse zitatu zigwirizane pogwiritsa ntchito UTF-8. Pa MySQL, imene ndi pulogalamu ina ya database, sankhani mtundu wa UTF-8 wotchedwa utf8mb4, umene unabwera mu 2010, pakuti utf8 yakale ya kumeneko siyipyola mabayiti atatu pa chilembo chimodzi.

Za ng' nkhani yake ndi ina. Kachizindikiroko kali kale mu ASCII, mndandanda woyambirira wa zilembo za pakompyuta. Chimene chimachitika n'chakuti SQL, chinenero cholamulira database, imakatenga ngati mathero a mawu pamene wolemba pulogalamu wamata dzina mwachindunji m'lamulo. Mankhwala ake ndi prepared statements, njira yotumiza lamulo palokha ndi dzina palokha, amenenso amatseka mpata umene akuba amalowera pa SQL injection, kutanthauza kulowetsa malamulo awoawo mu database mwachinyengo.