Musanalowe m'Dziwe la Nkhalamba, yang'anani kumtunda

Mukachoka pa Chitakale n'kutenga msewu wopita ku Phalombe, mumayenda makilomita pafupifupi 10 kuti mufike ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Apa mpamene alendo ambiri amalembetsa ku ofesi ya zankhalango ndi kupeza wowatsogolera. Kuchokera pamenepo, ulendo wapansi wokafika pa mathithi a Likhubula ndi Dziwe la Nkhalamba ndi wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, kutengera miyendo yanu. Chifukwa njira yake ndi yaifupi, anthu amaipeputsa. Amabwera atavala mapatapata, atanyamula zoziziritsa kukhosi basi, ngati akupita kokasewera.

Madzi a m'dziwe limeneli amachokera m'mwamba mwa phiri, ndipo phirilo ndi la mwala. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Mvula ikagwa pa matanthwe oterowo, nthaka yoti iyimwe ndi yochepa, choncho imatsetsereka yonse n'kukasonkhana m'zigwa zopapatiza. Inu pansi mukhoza kukhala padzuwa, mwayala chitenje pamwala, pamene kumtunda kwagwa chimvula. Mtsinje umadzaza m'mphindi zochepa chabe. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani imodzi, ndiye ganizirani akabwera akuthamanga, atasenza miyala ndi zipika. Anthu a kuno safuna kuuzidwa za napolo: wa ku Phalombe mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zidakali m'mitima.

Zizindikiro zake zimaoneka kwa munthu watcheru. Madzi oyera akayamba kuchita matope, masamba ndi timitengo tikayamba kuyandama mochuluka, kapena mkokomo wa mathithi ukasintha n'kumamveka ngati galimoto yaikulu ikubwera, tulukani nthawi yomweyo ndipo kwerani kumtunda kwa gombe. Musathawire kumunsi motsata mtsinje, madzi amathamanga kuposa inu. Mukangofika, ikani chizindikiro pamwala pomwe madzi alekeza, kaya ndi kamwala kapena kamtengo, ndipo muzichiyang'ana. Chikamira, nthawi yosambira yatha. M'miyezi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ine ndinganene kuti pitani kukaona mathithi ndi maso, kusambira kudikire chilimwe.

Chinthu chachiwiri chimene chimapha ngakhale odziwa kusambira ndi kuzizira. Munthu amafika thukuta lili kamukamu, n'kudumphira m'madzi ozizira a m'phiri. Thupi limadzidzimuka, ndipo mosafuna munthu amakoka mpweya mwamphamvu. Ngati panthawiyo mutu uli pansi pa madzi, amakoka madzi. Kupuma kumakhala kwa befu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako manja ndi miyendo zimayamba kufooka. Lowani pang'onopang'ono: mapazi, mawondo, chiuno, thirani madzi pachifuwa ndi pakhosi, dikirani kupuma kukhazikike. Amene wamwa mowa asalowe n'komwe.

Pomwe madzi akugwera pali msampha wina. Madzi oyera ngati thovu aja ndi osakanikirana ndi mpweya, choncho sanyamula thupi ngati madzi wamba; mumapalasa koma mukumira. Komanso madzi akagwa amapita pansi, n'kubwerera pamwamba, n'kukokeranso kumathithi, kumangozungulira choncho. Wogwidwa m'menemo akamalimbana kuti akwere pamwamba amatopa msanga. Potulukira ndi cham'mbali, kapena kupita pansi ndi madzi omwe akulowera kumunsi. Koma nzeru yeniyeni ndi kusafikako. Zodumpha kuchokera pamatanthwe nazo ndi zoika moyo pachiswe, chifukwa dzinja lililonse mtsinje umasuntha miyala ndi mitengo. Pamene panali pakuya chaka chatha pakhoza kukhala mwala chaka chino.

Ovulala ambiri savulalira m'madzi, koma pamiyala ya m'mphepete. Mwala wakuda wonyowa umakhala ndi ndere zoterera ngati therere. Valani nsapato zogwira phazi zokhala ndi mphira wa mano kunsi. Powoloka mtsinje, masulani lamba wa chikwama wa m'chiuno kuti mukagwa muchitaye msanga, yang'anani kumtunda, tsamirani ndodo, ndipo sunthani phazi limodzi lina litaponda zolimba. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, bwererani.

M'chikwama mukhale madzi akumwa malita 2 pamunthu, chakudya, juzi youma yokulungidwa m'pepala la pulasitiki, tochi, ndi foni yodzaza moto. Juziyo ndi yofunika kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyengo ya chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yamawawa zimatha kutseka phiri masana dzuwa likuswa mtengo. Madzi a mumtsinje ngakhale aoneke oyera, awiritseni kapena athireni mankhwala musanamwe, poti kumtunda kumadutsa anthu ndi nyama. Likodzo silikonda madzi ozizira othamanga chifukwa nkhono zake zimakhala m'madzi ofunda odekha, koma maiwe a kumunsi, kufupi ndi midzi, ndi nkhani ina.

Wotsogolera wa komweko musamuone ngati wongodya ndalama zanu. Amadziwa pakuya, amadziwa njira yothawira, ndipo mitambo ya pa nsonga ya Chambe amaiwerenga bwino kuposa foni. Adzakuuzaninso za malowo. Akuluakulu amati padziwepo pankaoneka nkhalamba, ndipo ndi malo amene anthu amawalemekeza chifukwa cha mizimu ya makolo. Chikhalidwe chotere ndi chimene chinachititsa kuti mu 2025 bungwe la UNESCO liike phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Choncho sopo, mabotolo ndi mapepala a zakudya zibwerere nanu.

Mnzanu akayamba kumira, musamudumphire, chifukwa womira amagwira chilichonse n'kuchikanikizira pansi. Gonani chafufumimba pamwala, mumupatse ndodo yaitali kapena zitenje ziwiri zomangidwa pamodzi. Chigubu chopanda kanthu cha malita 5, chotsekedwa bwino, chimayandamitsa munthu wamkulu akachikumbatira. Mukamutulutsa asakupuma, mugonekeni chagada, kwezani chibwano, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu, kenako kanikizani pakati pa chifuwa maulendo 30 ndi kuuzira kawiri, mobwereza. Musataye nthawi kumuzondotsa kuti asanze madzi. Akatsitsimuka, muvuleni zonyowa, mufunditseni, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa kubanika patapita maola angapo.