Ng'ombe yanu yamkaka ikukana bere? Mafunso ndi mayankho pa chotupa cha m'thumba la mazira

Ng'ombe yanga inabereka miyezi itatu yapitayo, koma ikufuna nkhunzi pafupifupi sabata iliyonse. N'chiyani?

Ng'ombe yabwinobwino imafuna nkhunzi pakapita masiku 21. Ikamalira usiku, kukwera zinzake m'khola pafupipafupi, nkhunzi n'kumakwera koma bere osagwira, ganizirani za chotupa. Dzira limakulira m'kathumba kamadzi kamene kamayenera kuphulika. Kakakana, n'kukula kuposa masentimita 2.5 ndi kukhala masiku 10 kapena kupitirira, ndicho chotupa. Koma zambiri zodwala sizichita phokoso, zimangokhala phee osafuna nkhunzi n'komwe, mlimi n'kumati ili ndi bere.

Ndingogula jakisoni mu Chipata n'kubaya ndekha?

Ayi. Poyamba dokotala wa ziweto avale gulovu lalitali lija, alowetse dzanja kumbuyo, amve. Zotupa zili mitundu iwiri. Chakhungu lopyapyala amabaya jakisoni wa mahomoni wotchedwa GnRH, ndipo ng'ombe imafuna nkhunzi patapita masiku 18 mpaka 23. Chakhungu lochindikala chimamva jakisoni wina wotchedwa prostaglandin, ndipo ng'ombe imafuna nkhunzi patapita masiku 2 mpaka 5 basi. Prostaglandin yemweyo mukabaya ng'ombe yabere, bere limachoka. Mayi woyembekezera kapena munthu wa mphumu asagwire botolo lake.

Nanga ndondomeko ya Ovsynch imayenda bwanji?

Ovsynch ndi kubaya majakisoni awiri aja motsatana pa masiku oikika, kenako kuika umuna. Ubwino wake, imathandiza pa mitundu yonse iwiri ya zotupa. Mwachitsanzo, GnRH Lolemba. Lolemba linalo, patatha masiku 7, prostaglandin. Lachitatu GnRH kachiwiri, kenako umuna wa nkhunzi auike patapita maola 16 mpaka 20, ndiye kuti Lachinayi, ngakhale ng'ombe isanaonetse chizindikiro. Lembani masikuwo ndi khala pachitseko cha khola. Kwagwa maliro, mwaphonya Lachitatu, ndalama za jakisoni woyamba zapita. Mupanganenso ndi woika umuna musanayambe, makamaka ngati muli kutali monga ku Chadiza kapena ku Vubwi.

Ena amati kuchiphulitsa ndi dzanja n'kwachangu.

Ndi njira yakale. Imatha kutulutsa magazi m'kati ndi kusiya zipsera zotseka njira ya dzira.

Bwanji ng'ombe zathu za Angoni sizivutika nazo kwenikweni?

Vutoli limakonda ng'ombe zamkaka wambiri ngati Friesian, makamaka m'masiku 60 oyamba zitabereka, pamene mkaka ukutuluka wambiri kuposa chakudya cholowa. Kuno zimaipa mu Seputembala ndi Okutobala, msipu utauma, ng'ombe ikungotola mapesi nthiti zili pamtunda. Ine ndimati ndalama yoyamba ipite ku gaga, keke ya mpendadzuwa, mchere wonyambita ndi madzi okwanira, jakisoni abwere pambuyo. Zotupa zina zotuluka masabata oyambirira zimatha zokha ng'ombe ikayamba kubwerera thupi.

Mkaka ndipitirize kugulitsa?

Onani papepala la botolo masiku oyenera kudikira, ndipo dokotala akulembereni dzina la mankhwalawo musanapite ndi chigubu kokagulitsa.