Matayala a galimoto ya sports yoyendera tsiku ndi tsiku: mafunso amene anthu amandifunsa

Ndatenga Toyota 86 ngati chitsanzo poti ndi imene ndimaidziwa bwino, koma a Subaru BRZ ndi a Altezza nkhani yake ndi yomweyi.

Manambala ali m'mbali mwa tayala aja amatanthauza chani?

Pa 86 yambiri mupeza 215/45R17 87W. 215 ndi kutambalala kwa tayala mu mamilimita, 45 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 45 peresenti ya 215 ija, pafupifupi 97mm basi, ndipo 17 ndi saizi ya rimu mu mainchi. Ambiri amathera pamenepa nkuiwala 87W, pomwe lamulo lenileni lagona pompo. 87 ndi katundu, tayala limodzi limanyamula 545kg. W ndi liwiro, mpaka 270km pa ola. V ndi 240, H ndi 210. Mutha kugula lokwera kuposa zimene fakitale inalemba koma lotsika ayi. Zonsezi zili pa kasitika ka pachitseko cha dalaivala, limodzi ndi mpweya wake.

Koma ine sindifika 270, ndiye W ndi wachani?

Palibe amafika aise, ndi maenje a pa M1 aja mungafike kuti. Nkhani ndi kutentha. Tayala la W linapangidwa kuti lipirire kutentha komanso lisamapindike mukamakhota mwamphamvu, ndiye mukaika la H galimoto iyenda ndithu koma pakona imamveka ngati ikusambira.

Ndigule a mpikisano aja, ogwira kwambiri?

Ine ndimakana. Ngati Michelin Pilot Sport Cup 2, mphira wake ndi wofewa, mano ndi ochepa, pouma amamata msewu ngati ulimbo koma ikangogwa mvula ya mu Januwale madzi atadzadza pamsewu galimoto yokoka kumbuyo ngati 86 imakutembenuzani musanadziwe nkomwe, komanso amatha msanga ndiye ndalama ikungopita. Onani nambala ya TREADWEAR m'mbalimo, yosonyeza kulimba kwa mano a tayala, ikakhala 200 kapena kutsika ndi la pabwalo la mpikisano limenelo, yopitira kuntchito funani 300 kupita m'mwamba. Mwina simukudziwa, Toyota yeniyo inatulutsa 86 mu 2012 itavala Michelin Primacy HP, tayala wamba ndithu.

Galimoto yangobwera kuchokera ku Japan, mano akadali ambiri, ndisinthe?

Liyang'aneni kaye bwinobwino. Likalembedwa STUDLESS, kapena Blizzak, kapena iceGUARD, limenelo ndi la chipale chofewa, ambiri liwiro lawo ndi Q, 160 basi. Pa tala wotentha wa ku Chikwawa kapena Salima mphira umafewa, buleki imachedwa kugwira. Chotsani ngakhale likuoneka latsopano.

Nanga akaunjika?

Apa ndipomwe timakangana. Pezani pomwe palembedwa DOT, manambala anayi omaliza ndi tsiku lobadwa la tayala, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Likadutsa zaka zisanu muziliunika pafupipafupi, likafika khumi tayani kaya mano alipo. Vuto la kaunjika simudziwa kuti linamenya chani kumene likuchokerako. M'kati mwa mizere muli timabampu ta 1.6mm, mano akafanana nato latha, ngakhale ine nyengo ya mvula sindidikira kufika pamenepo. Ndipo likatupa m'mbali ngati chithupsa palibe zomata, ulusi waduka m'kati.

Maenje akundithera marimu, ndingatsike saizi?

Eya, ndipo ndi zimene ndingachite ine. 86 ina inatuluka ku Japan ndi 205/55R16, kutalika kwa gudumu lonse kumangosiyana ndi 1 peresenti ndiye sipidomita siinama kwenikweni, koma khoma likukwera kufika 113mm. Kukongola kumachepa pang'ono, inde. Ingoyesani kaye kuti rimu ya 16 sikukhula mabuleki, makamaka ngati ndi a Brembo, amenewo siilowa.

Ndalama yakwana awiri okha, ndiike kuti?

Kumbuyo, ndipo akhale amtundu umodzi mbali zonse ziwiri. Koma a Subaru WRX yokoka mawilo onse anayi pepani, inu ndi onse anayi kamodzi, kupanda kutero mudzalipira ku difu, chipangizo chogawa mphamvu ya injini ku mawilo.