Matchona a ku Harare ndi mlandu wa unzika wawo

M'chaka cha 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika n'kupereka miyezi 6 kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ofesi ya kaundula inamasulira lamuloli kuti likukhudzanso munthu amene kholo lake lokha ndilo linabadwira kunja. Motero m'makomboni a mu Harare monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, ana ndi zidzukulu za amuna amene anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi kapena Nkhata Bay kalekale anauzidwa kuti akakane unzika wa Malawi, dziko limene ambiri a iwo sanapondeko phazi ndipo analibe chikalata chake chilichonse. Ambiri sanavote pa chisankho cha 2002, ndipo zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi alendo.

Anthu a ku Nyasaland anayamba kubwera kuno ku Zimbabwe posakhalitsa azungu atamanga Salisbury (Harare wa lero) mu 1890. Kwawo kunali msonkho wa nyumba wofuna ndalama zimene m'mudzi munalibe, kunalinso thangata m'minda ya azungu ya ku Thyolo ndi Mulanje, pamene kuno migodi ndi mafamu zinkasowa antchito. Ankayenda pansi milungu ingapo, kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, mpaka kutulukira cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene antchitowo ankalitcha chibalo, ndipo Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lonena za migodi ya dziko lino, anasonyeza kuti olembedwa ndi bungweli ndiwo ankatumizidwa ku migodi yoipitsitsa pa malipiro otsika kwambiri. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia (Zambia) ndi Southern Rhodesia (Zimbabwe) anapangana za kayendedwe ka antchito, kenaka kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipiritsa, ndipo mu 1946 kunabwera bungwe limene akuluakulu amalikumbuka ndi dzina loti Mthandizi.

Apa ndi pamene ochita kafukufuku amasiyana maganizo. Ena amati anthuwa anakakamizidwa, popeza msonkho unaikidwa dala kuti mwamuna achoke pakhomo. Ena, monga Zoë Groves amene mu 2020 anatulutsa buku lolondola matchona kuyambira 1900 mpaka 1965, amatsindika kuti ambiri ankazemba mabungwe olemba antchitowo, ankadzisankhira njira ndi bwana, ndipo ankatsata mbale amene anatsogola. Mbali zonse zili ndi umboni, ndipo ine ndikuona kuti kugawa anthu pawiri, othawa kwawo uku ndi osamuka mwakufuna kwawo uko, n'kothandiza maofesi kuposa mbiri. Mwamuna amene anathawa mesenjala wa msonkho usiku, koma n'kukana Mthandizi kuti akadzifunire yekha ntchito yophika ku Avondale, dera la azungu mu Salisbury, anali wokakamizidwa komanso wodzisankhira pa ulendo umodzi womwewo.

Mu Salisbury wa zaka zoyambirira antchito ochokera kunja anali ochuluka kwambiri, chifukwa Ashona ambiri anali ndi minda pafupi ndipo ankabwera m'tauni kwa kanthawi chabe. Anyasa analibe kothawira kumapeto kwa mwezi, choncho anakhazikika, ndipo zimene anamanga zilipo mpaka lero. Mpingo wa CCAP kuno unayambira pa iwo: mbusa T.C.B. Vlok anatumizidwa ku Salisbury mu 1912 kudzawatumikira, ndipo sinodi ya kuno inakhazikitsidwa mu 1965. Ayao anamanga mizikiti n'kumavina beni. Achewa anabweretsa Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ndipo dambwe linapeza malo m'mphepete mwa makomboni a migodi ndi mafamu. Koposa zonse panali mabungwe a maliro. Munthu ankasonkha mwezi ndi mwezi, mlembi n'kulemba m'kabuku, kuti tsiku lake likadzafika padzapezeke bokosi, ufa, nkhuni ndi anthu ogona pasiwa oimba nyimbo za kwawo. Pakuti chimene mtchona ankaopa kwambiri sichinali umphawi koma kuikidwa ndi boma ngati wopanda abale.

Akatswiri a masiku ano amakonda kulemba za maubale odutsa malire, kutanthauza ndalama, makalata ndi maulendo zimene zimalumikiza wosamuka ndi kwawo. Pa Amalawi a kuno mfundoyi iyenera kugwiridwa mosamala. Alipo amene ankatumiza ndalama, nabwerera ndi njinga, makina osokera ndi sutikesi ya zovala, mpaka m'midzi kupita ku Halale kunasanduka chizindikiro cha kukula. Koma mtchona weniweni ndi uja amene makalata ake analeka kufika, kawirikawiri chifukwa cha manyazi obwerera chimanjamanja. Iyeyo chingwe chake ndi Malawi chinatsala m'chinenero, m'gule ndi m'mapemphero, osati m'mapepala kapena m'munda. Anusa Daimon, wolemba mbiri wa kuno amene anafufuza za Amalawi a mu Zimbabwe kuyambira 1895 mpaka 2008, anasonyeza mmene miyambo imeneyi inawathandizira kudzisunga pakati pa anthu owanyoza ndi maina monga mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre.

Pali chinthu china chimene chinaluma ana awo mwakachetechete. Kwa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi, ndipo munda amaupeza kudzera kwa mayi ake ndi atsibweni ake. Kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna, amatenga mutupo (chiwongo) wa bambo ake ndipo malo ake ali kwa bambo akewo. Mwana wa bambo Mchewa ndi mayi Mshona amagwa pakati: kwa amayi ake amamuuza kuti kwanu n'kwa abambo ako, akafika ku Dedza amamulandira bwino monga mwana wa m'bale wawo, koma mbumba si yake.

Kusowa mudzi kumeneku kunaonekera poyera kuyambira 2000. Kulandidwa kwa mafamu a azungu kunachotsa antchito ambirimbiri pa ntchito ndi m'makomboni momwe anabadwira, ndipo amene anagawiridwako malo anali ochepa. Chaka chomwecho Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, powaganizira kuti akutsatira chipani chotsutsa cha MDC. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika m'matauni, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira zopezera ndalama. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, ngati kuti aliyense ali nawo mudzi.

Malamulo akulu a dziko a 2013 anakonza zambiri, popeza gawo 43 limati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika yobadwa nayo. Nalo dziko la Malawi, limene linkaletsa unzika wa maiko awiri kuyambira 1966, linasintha lamulo lake kumapeto kwa 2018. Vuto lotsala ndi la umboni. Kuti munthu asinthe chitupa amafunsidwa chikalata chake cha kubadwa ndiponso mapepala a makolo, pamene makolowo mwina anamwalirira pa famu osalembetsedwa paliponse, ndipo wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana wake, mwanayonso n'kuvutika kulemba mayeso a boma. Mu 2021 bungwe la Amnesty International, potsamira chiwerengero cha UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, linati anthu pafupifupi 300,000 mu Zimbabwe ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo pakati pawo linatchula zidzukulu za antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, pamodzi ndi ana a amene anaphedwa ndi asilikali a boma pa chipwirikiti cha Gukurahundi ku Matabeleland.