Windows yobwera ndi kompyuta siisamuka

Sabata siitha osamva mawu awa pa shopu panga: “Windows ndinalipira kale pogula kompyuta yakaleyi, mungoisamutsira mu yatsopanoyi.” Pakamwa patopa, ndiye ndalemba.

Windows imene mumaipeza ili kale mu HP, Dell kapena Lenovo timaitcha OEM. Layisensi yake inamangidwa ukwati ndi motherboard ya makina omwewo, bodi yaikulu imene zida zonse za mkati zimalumikizidwapo, ndipo ukwatiwo ndi wa mpaka imfa. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, nambala ya layisensiyo amaibisa mu BIOS, kapulogalamu kokhala pa motherboard pomwepo, osatinso pa kasitika kapansi kaja. Motherboard ikapsa, layisensi yapita nayo. Ya retail mumagula payokha, madola 139 ya Windows Home kwa Microsoft, ndipo mutha kuichotsa uku n'kuiika uko, bola ikhale pa kompyuta imodzi. N'chifukwa chake OEM ndi yotchipa. Ikavuta, Microsoft amakulozerani kwa amene anapanga makinawo, ndipo ngati munagula ya kaunjika yopanda waranti, palibe woti mumudandaulire.

Pali mayi ena amene nkhani yawo imandisowetsabe tulo. Anali ndi kabizinesi kotayipa ndi kusindikiza makalata pafupi ndi depoti. Magetsi anabwera mwamphamvu usiku wina, motherboard n'kupsa. Tinaikamo ina, makina anadzuka bwinobwino, koma pakona ya sikirini panatuluka timawu toyera tija: Activate Windows. Ndinawafotokozera kuti layisensi yafera limodzi ndi bodi yakale. Anandiyang'ana ngati ndikufuna kuwadyera, n'kunyamula makina awo.

Anapita kwa mnyamata wina amene “anakonza” m'mphindi zisanu pa mtengo wa fanta. Anayamba wazimitsa antivirus, kenako anaikamo kapulogalamu kakuba ka pa flash yake. Patapita miyezi iwiri mayi aja anabwerera akugwetsa misozi: mafayilo onse atsekedwa, pa sikirini pali uthenga wofuna ndalama. Munali ma CV a anthu, malipoti a ana asukulu, ntchito ya zaka zinayi. Sindinapulumutse ngakhale imodzi. Chimene chimandiwawa n'chakuti Windows imagwirabe ntchito ngakhale layisensi itafa. Akanatha kupirira timawu tija kwinaku akusonkha ndalama, koma ine tsiku limenelo sindinawauze zimenezi momveka.

Ndiye amisiri a flash m'thumbawa muziwaopa. Munthu akakuuzani kuti tiyambe tazimitsa antivirus, nyamulani katundu wanu. Samalaninso ndi makiyi otchipa a pa intaneti, nambala za layisensi zija. Ambiri ndi a volume, omwe Microsoft inagulitsa kwa makampani kuti azigwiritsa ntchito m'maofesi mwawo, ndipo akhoza kutsekedwa tsiku lililonse. Malaputopu ena ochokera kunja amabweranso ndi layisensi ya mtunduwu, ya KMS, imene imatha pakadutsa masiku 180 ngati makina sanalumikizane ndi seva ya kampaniyo. Mumagula zonse zili bwino, mvula isanabwerenso zayamba kulira.

Musanapereke ndalama, tsegulani pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Command Prompt pa kompyuta mukufuna kugulayo, lembani slmgr /dli. Iwonetsa ngati ndi OEM, RETAIL kapena VOLUME. Wogulitsa akakana kuti muyese, mwadziwa kale yankho.

Sindikunena kuti OEM ndi yoipa. Pa laputopu imene mudzaigwiritsa ntchito mpaka itatha, ndi yokwanira, mungochotsa zinyalala zomwe opanga amadzazamo, monga antivirus ya masiku 30 ija yosatopa kupempha ndalama. Koma ngati mumamanga nokha desktop kapena mumasintha zida pafupipafupi, gulani retail, muilumikize ku akaunti yanu ya Microsoft lero, bodi isanafe.

Ndipo inu amene mudakali pa Windows 10, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Ngati makina anu alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, Windows 11 iwakana, ndipo OEM yanuyo simupita nayo ku makina atsopano. Powerengera ndalama za kompyuta ina, layisensi ikhalemo.