Popita kukagona m'tenti ndi ana aang'ono, yambani kulongedza za usiku

Makolo amene akufuna kukagona kutchire ndi ana awo masiku awiri kapena atatu akandifunsa zoti anyamule, amayembekezera kuti nditchula mankhwala, popeza ntchito yanga ndi ya unamwino wa ana. Za mankhwalazo ndifikako. Koma funso langa loyamba limakhala lakuti mwanayo akagona pa chiyani. Zambiri zimene timalongedza zimakhala za masana, pomwe mavuto a mwana wamng'ono kutchire amayamba dzuwa likalowa.

Khungu la mwana ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake, n'chifukwa chake kutentha kwa m'thupi kumamuthawa msanga kuposa munthu wamkulu. Ndipo chimene chimamulanda kutenthako kwambiri usiku ndi nthaka. Izi ndinaziphunzira pa mwana wanga yemwe. Ulendo wathu woyamba, iye ali ndi zaka 3, ndinamufunditsa mabulangeti awiri n'kugona mtima uli m'malo. Cha m'ma 2 koloko usiku anadzuka akulira, mano akugundana. Nditapisa dzanja pansi pa msana wake, panali pozizira ngati mwala wa mumtsinje. Zofunda zonse ndinaika pamwamba, pansi panali kansalu ka tenti kokha. Choncho chinthu choyamba kulowa m'katundu chikhale kamatiresi ka siponji yolimba, aliyense kake. Matiresi wamba opopa mpweya ndi ofewa, koma mpweya wa m'kati mwake umazizira limodzi ndi nthaka, ndiye ngati muli ndi amenewo, yalani bulangeti lochindikala pamwamba pake musanagoneke mwana.

Zovala zogonera zikhale zakezake, zomangidwa mu jumbo kuti zisanyowe, ndipo zisakhudzidwe masana ngakhale zitavuta bwanji. Mwana amene wasewera tsiku lonse amakhala ndi thukuta m'malaya, ndipo nsalu ya thonje ikanyowa siuma msanga, imangomamatira pakhungu n'kumamuziziritsa. Muvuleni zonse kusanade, mumuveke zouma. Zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza zimaposa chijuzi chimodzi chachikulu, chifukwa mumatha kuchotsa kapena kuwonjezera malinga ndi mmene kwachera. Osaiwala chipewa chaubweya ndi masokosi ogonera. Ngati mukupita kumalo okwera, dziwani kuti mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye nyengo ya kumene mwachokera isakupusitseni.

Kwa khanda losakwana chaka, kumufunditsa mopitirira muyeso ndiye koopsa kwambiri. Ameneyu agone chagada, pamalo akeake athyathyathya ndi olimba, popanda pilo kapena bulangeti lomasuka limene lingamuphimbe kumaso. Asagone pa matiresi opopa, ndipo musalowe naye m'chikwama chanu chogonera. Muvekeni zovala zokwanira, ndipo pofuna kudziwa ngati wafunda, mugwireni pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Manja ndi mapazi a khanda amakhala ozizirako nthawi zambiri, ndipo mukadalira amenewo mudzamuunjikira zofunda pachabe.

Kuzizira kukafika povuta, maganizo amabwera oti tilowetse mbaula kapena chitofu cha gasi m'tenti kuti ana amveko kutentha. Chonde musayerekeze, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Makala amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka, sununkha, ndipo umakanirira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, koma wogona sadzuka kuti adandaule. Ana amagwidwa msanga chifukwa amapuma mofulumira. Mabanja athunthu afera m'tulo mwanjira imeneyi, ndipo zimandiwawa chifukwa kholo limakhala likuchita zimenezo pofuna kuteteza ana ake. Kuphika konse kuchitikire panja, ndipo timazenera ta tenti tikhale totsegula pang'ono usiku wonse.

Tikachoka pa za usiku, nkhani yaikulu ndi madzi. Mtsinje woyera mbee ukhoza kukhala ndi tizilombo totsegulitsa m'mimba, ndipo maso sangakuuzeni. Nyamulani madzi akumwa okwanira m'zigubu, komanso njira yoyeretsera ena akatha. Kuwiritsa ndiko kodalirika: madzi abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena mphindi 3 ngati muli pamwamba pa mamita 2,000. Mapiritsi a kolorini ndi opepuka kunyamula, koma amafuna mudikire mphindi 30, sagwira bwino m'madzi amatope, ndipo pali tizilombo tina monga Cryptosporidium timene kolorini satipha bwinobwino. Mwana aliyense akhale ndi botolo lake, muzimupatsa osadikira kuti apemphe, chifukwa mwana akatengeka ndi masewera ludzu amaliiwala. Woyamwa zake n'zosavuta, angopitiriza kuyamwa. Wa mkaka wa m'chitini amafuna madzi owiritsa amene akadali otentha madigiri 70 kapena kuposa posungunula ufawo, ndipo mkaka wotsala utayidwe pakatha maola awiri.

Sopo ndi kabeseni kosambira m'manja muziike poonekera, pafupi ndi pophikira. Ameneyu ndiye mankhwala oyamba a m'mimba.

Zikachitika kuti mwana watsegulabe m'mimba, chimene chimaopsa ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo apa m'pamene timapaketi ta ORS, ufa wosungunula m'madzi wobwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, timapulumutsa moyo. Ine sindinyamuka popanda timapaketi 6. Werengani papaketi kuchuluka kwa madzi osungunulira, chifukwa ena ndi a lita imodzi, ena ndi a kapu imodzi. Mwana wosakwana zaka ziwiri mumupatse mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi chamadzi, wamkulupo 100 mpaka 200, pang'onopang'ono ndi sipuni. Akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Timapaketi tikatha, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mchere musapyoze muyeso. Koma mukaona maso alowa m'kati, liwombo lalowa, akulira popanda misozi, sakukodza, wafooka kapena akukana kumwa, kapena m'chimbudzi muli magazi, ulendo wathera pomwepo. Pasulani tenti mupite kuchipatala.

Bokosi la mankhwala lisakhale lalikulu, koma mulikonze muli kunyumba mutu uli bwino. Muyezeni mwana pa sikelo musananyamuke, chifukwa mlingo wa parasetamolo umatsata kulemera kwake: mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, pakadutsa maola 4 mpaka 6, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wa makilogalamu 12 amamwa mamiligalamu 180, omwe ndi mamililita 7.5 ngati botolo lalembedwa kuti 120 mg mu 5 ml. Mabotolo amasiyana mphamvu, ndiye werengani lanulo, mulembe mlingowo pakapepala n'kumata pabotolo. Usiku, mwana akulira, tochi ili kukamwa, si nthawi yochita masamu. Tengani sirinji yoyezera ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Asipulini asapatsidwe kwa mwana. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika madigiri 38 lipite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo ngati kumene mwapitako kuli malungo, mwana aliyense wotentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ngakhale zitayamba mutabwerera kale kunyumba. Onjezani mapulasitala, mabandeji, lumo, kopanira kozulira minga ndi nkhupakupa, ndi mankhwala amene mwanayo amamwa kale, monga a mphumu, okwanira kupitirira masiku a ulendo.

Mabala a moto ndiwo ndimawaopa kwambiri pa maulendo otere, ndipo ambiri sachitika usiku pamene aliyense ali tcheru. Amachitika m'mawa. Phulusa limaoneka lotuwa, lozizira, koma pansi pake makala a dzulo akadali amoyo. Kamwana kamatuluka m'tenti kopanda nsapato akulu akadali m'tulo, n'kuponda pomwepo kapena kupisamo dzanja. Ndasambitsapo tizikhatho totupa matuza chifukwa cha zimenezi, ndipo kulira kwake sikuiwalika. Moto uzimitsidwe ndi madzi, muvundule phulusalo, muthirenso mpaka mutha kuligwira ndi dzanja. Kukwirira ndi mchenga kumangosunga kutentha. Ndowa ya madzi izikhala pafupi ndi moto, koma yovundikira bwino. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, kwinaku thupi lonse mwalifunditsa kuti asazizidwe, kenako phimbani ndi pulasitiki yoyera kapena nsalu yoyera yosamata. Mafuta, dzira, mankhwala otsukira mano, zonsezo ayi.

Udzudzu ndi dzuwa sizifuna mawu ambiri. Tenti ikhale ndi neti yosabooka ndi zipi yogwira, ndipo madzulo ana avale zamanja aatali. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET wa 10 mpaka 30 peresenti amaloledwa kwa mwana wopitirira miyezi iwiri, koma osamupaka m'manja chifukwa manjawo amathera m'kamwa. Mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yake) kapena kuposa mumupake maola awiri alionse, pomwe khanda losakwana miyezi 6 lingokhala pamthunzi ndi chipewa. Nsapato zikhale zotseka, zizigona m'kati mwa tenti, ndipo muzizikutumula m'mawa uliwonse kuopa zinkhanira. Njoka ikaluma, musamange, musateme, musayamwe. Mwanayo asayende, munyamuleni kupita naye kuchipatala.

Ngati pafupi pali mtsinje, dziwe kapena nyanja, tenti imangidwe patali ndithu. Mwana akamamira safuula, saphiriphitha monga timaganizira, amangolowa mwakachetechete, ndipo kwa wongoyamba kuyenda madzi a m'ndowa ndi okwanira. Nyamulani jekete yoyandamitsa yogwirizana ndi kulemera kwake. Timatayala topopa ndi tovala m'mikono tija ndi zoseweretsa chabe. Chinanso chimene ndaona n'chakuti ngozi zimakonda kuchitika pamene akulu ali ambiri, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Muzitchulana dzina: panopa ana ali m'manja mwa uje, ndipo iye asagwire foni kapena mpeni wa ndiwo mpaka atapatsira wina.

Mwana wa zaka 4 kupita m'tsogolo mumupatse wezulo, womangirira pa zipi ya jekete osati chingwe cha m'khosi, ndipo mumuphunzitse kunyumba kuti akasochera aime pamtengo umodzi, aimbe katatu, adikire, aimbenso. Mumuuzenso kuti anthu akamaitana dzina lake ayankhe, sakalipiridwa, chifukwa ana ena amabisala poopa kudzudzulidwa. Avale zowala monga zofiira kapena zachikasu, ndipo m'mawa uliwonse mujambuleni pafoni ndi zimene wavala tsikulo.

Aliyense akhale ndi tochi yake, yovala pamutu ndiyo yabwino popeza manja amatsala osintha thewera. Sankhani ya mabatire aakulu. Timabatire tozungulira ngati batani tija mwana akameza timatha kuwotcha kum'mero m'maola awiri okha.

Matewera tengani ochuluka kuposa mmene mwawerengera, pamodzi ndi majumbo obwerera nawo akagwiritsidwa ntchito, asakwiriridwe kutchire. Kwa wophunzira kudzithandiza, kapoti ka pakhomo pa tenti kamapewetsa ulendo wa mumdima. Kopanda chimbudzi, kumbani kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wa mamita 60 kuchoka pamadzi. Zakudya zikhale zimene mwana anazolowera, zosaonongeka msanga, ndipo chilichonse cholimba ndi chobulungira chimene chingamutsamwitse chisiyeni kunyumba ngati sanakwane zaka 5. Zoseweretsa musavutike nazo, timitengo ndi timiyala tidzamukwanira. Koma kachidole kapena kansalu kamene amagona nako musakasiye, chifukwa usiku woyamba kutchire kumamveka phokoso lachilendo, ndipo fungo la kunyumba ndilo limamugoneka.

Chomaliza chimene ndimaika m'thumba la pamwamba ndi pepala lolembedwa ndi bolopeni: dzina la chipatala chapafupi chimene chimatsegula usiku, njira yake, manambala a foni, kulemera kwa mwana aliyense ndi mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Foni imatha moto, netiweki imasowa. Wachibale mmodzi wotsala kunyumba adziwe kumene mwapita ndi tsiku lobwerera. Ngati mwapita pagalimoto, iime italoza njira yotulukira, mafuta alimo, ndipo akulu onse adziwe pamene pagona kiyi.